Tisathamangire kunena kuti injini yanoka

A Mkonzi,

Ndine makaniko. Kwathu ndi ku Neno, koma ndatha zaka zambiri kuno ku Joni, ndipo ndimagwira ntchito pagalaja ina ku Booysens. Ndalemba kalatayi chifukwa zimandiwawa kuona abale athu akutaya ndalama zimene anazipeza movutikira, kungoti wina wawauza kuti "injini yanoka", kutanthauza kuti yatheratu m'kati, asanayeze chilichonse.

Mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga, amene amagwira ntchito ya ulonda ku Rosettenville, anagula Land Cruiser yakale ya 1996, ya injini ya dizilo ija ya 1HZ, masilinda 6, malita 4.2, yopanda tebo (turbo). Anasunga ndalama zaka zitatu kuti galimotoyo izikanyamula kachewere ndi manachesi kumudzi, kumene nthawi ya dzinja galimoto wamba siyerekeza n'komwe. Pasanathe sabata ziwiri inayamba kumwa madzi, kufuka utsi woyera m'mawa, ndi kugogoda ikangolizidwa. Makaniko wina anangotchera khutu, osagwira ngakhale sipanala, n'kumuuza kuti agule injini ina. Mnyamatayo anabwera kwa ine maso ali gwa. "Amalume, ndathera pompa."

Ndinamuuza kuti aisiye igone, tiione m'mawa itazizira. Kutacha ndinatsegula chitsekerero cha rediyeta, ndinadzaza madzi, iye n'kuliza. Sipanathe mphindi, thovu linayamba kutuluka pakamwa pa rediyeta, bwibwibwi, madzi akadali ozizira moti ndinkaviikamo chala. Madzi ozizira sawira. Umenewo unali mpweya wa mu silinda ukudutsa pamene sufunika kudutsa. Nditabwezera chitsekerero, paipi ya pamwamba inauma ngati tayala lopopa. Kunsi kwa chitsekerero cha oilo kunali phala loyererako, ngati tiyi wothira mkaka wambiri.

Kenako tinachotsa ma heater plug onse 6, timapulagi totenthetsa m'masilinda poliza injini, n'kuzunguza injini. Pa silinda yachinayi panafwamphuka madzi mpaka kundinyowetsa ovolosi. Titayika geji ya kompuresheni, yoyezera mphamvu ya mpweya wopanikizika mu silinda, masilinda asanu anali pafupifupi ofanana, yachinayiyo inatsalira kutali. Apa ndichenjezeko anzanga a ntchito: Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700 kuchokera pa nyanja ya mchere, mpweya ndi wopepuka, choncho geji imawerenga motsikirapo kusiyana ndi ku Durban kapena ku Nsanje. Musaweruze injini ndi nambala imodzi. Fananizani masilinda okhaokha.

Funso lalikulu linali kunsi kwa injini, kumene kuli mabering'i. Injini yonokadi imadziwika. Imagunda mozama, du du du, kugundako kumakula ukaponda mafuta, ndipo getsi la oilo limaphethira injini ikatentha. Ndinakhetsera oilo m'beseni loyera, ndinadula fyuluta, n'kutambasula pepala lake padzuwa. Mabering'i akadyeka mumaona tizitsulo tonyezimira, tina tofiirira ngati waya wa kopa. Munalibe kanthu. Kugogoda kumene mnzathu uja anamva kunali kwa silinda imodzi imene inkalephera kupsa bwino chifukwa cha madzi. Ngakhale injekita yotha imagogoda choncho, ndipo njira yodziwira ndi yaulere: masulani pang'ono paipi ya injekita imodziimodzi injini ikulira, mumve pamene phokoso lisinthire. Dzanja likhale patali, dizilo wa pamenepo amaboola khungu.

Titachotsa silinda hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, tinaitumiza kwa a injiniyaring'i kuti akaiyeze ndi mpweya m'madzi otentha. Inapezeka yosweka. Tinagula hedi ina, gasiketi ndi lamba wa taiming'i, ndalama zake osafika ngakhale theka la mtengo wa injini imene ankauzidwa kuti agule. Mwayi wake unali woti anasiya kuiyendetsa msanga. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye akadzaza mu silinda usiku, m'mawa mukaliza pisitoni imagunda pamadzipo ndipo konirodi, chitsulo chogwira pisitoniyo, imapindika. Pamenepo ndiye maliro enieni.

Koma hedi sisweka yokha. Chinaiswa ndi kutentha, ndipo makaniko amene amangosintha hedi osafufuza chimene chinatenthetsa injini wagwira ntchito theka. Pa galimoto iyi, timipata ta rediyeta tinali titamatika ndi matope ouma a kumene inkayenda mwini wake wakale. Fani inkazungulira mwaulesi chifukwa kilatchi yake inatha mphamvu. Thermostat, kachipangizo kotsekula njira ya madzi injini ikafunda, munalibe. Chizolowezi chochotsa thermostat ndimachidziwa, ifenso tinakula nacho ku Ndirande, poganiza kuti injini izipuma bwino. N'kulakwa. Injini imachedwa kufunda m'mawa, imadyeka msanga, ndipo vuto lenileni limene linkaitenthetsa limangobisala. Komanso m'rediyeta munali madzi a pampopi okhaokha, opanda coolant, mankhwala aja oteteza ku dzimbiri ndi kutentha, dzimbiri lili psuu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ulendo wa kumudzi. Galimoto imene ikuoneka yabwinobwino m'nyengo yozizira ya Joni mu June, mukaisenzetsa mafiriji, matumba ndi njinga, n'kuidutsitsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda mpaka kutsikira ku Tete kumene dzuwa limaswa mtengo, chilema chilichonse chimaonekera. Ikawoloka Zambezi pamabweranso zitunda zokwera ku Zobue ndi Mwanza. Amene timayenda msewu umenewu taziona galimoto zathu zili m'mbali, boneti ili yasa, mwini wake atagwira m'chiuno, m'dziko la eni ndi ndalama za eni.

Choncho ndikupempha abale amene mukufuna kugula Land Cruiser, Hilux kapena Patrol zakalezi: pitani kukaiona m'mamawa mwini wake asanailize, gwirani injini ndi dzanja mutsimikize kuti ndi yozizira. Ngati wogulitsa wakana kuti muyeze kompuresheni, tembenukani muzipita. Ndipo inu anzanga a sipanala, geji si yodula kuposa injini ya munthu.

Ya mwana wa mchemwali wangayo tinaiyendetsa sabata yathunthu, tinakakwera nayo zitunda za ku Magaliesburg itasenza matumba a mchenga, muvi wa kutentha osasuntha pakati. Inanyamuka Lachisanu, ndipo Lolemba anaimba foni ali pa Zalewa.

Ine wowerenga wanu,
Makaniko wa ku Booysens,
Johannesburg