Kwa mwana wanga, za kope lako lija

Mwana wanga okondedwa, ndine azakhali ako. Uli bwanji kumeneko, sukulu ikuyenda? Mayi ako anditumizira pa WhatsApp chithunzi cha kope lako latsopano, ati unakhumudwa mpaka misozi chifukwa silikuoneka ngati aja unaona pa foni, a mapepala ofiirira ngati akalekale okhala ndi masitampa ndi timaluwa touma. Pukuta misozi iwe, khala pansi uwerenge pang'onopang'ono, pokuvuta mayi ako akuthandiza.

Kuno ndili ndi kope lenileni lakale, la agogo anga aamuna, amene anabereka agogo ako. Analiyamba ali ku migodi ku Joni, atabwera kumudzi anapitiriza kulembamo. Chikuto chinang'ambika ndiye anachisoka ndi ulusi wakuda, mapepala ake afiirira ngati chigumu, m'mphepete njenjete zinadya, ndipo ukalitsegula likununkhabe utsi wa m'khitchini. Mkatimo mulibe zokongoletsa zambiri ayi. Pena analemba tsiku limene mvula yoyamba inagwa, pena tsiku lobzala chimanga, pena mtengo wa bulangete mu mashilingi ndi mapeni, poti kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, kumbuyoko anthu ankagwiritsa ntchito mapaundi. Pakati anapanikizapo envulopu yokhala ndi sitampa yolembedwa Nyasaland, dzina la dziko lathu tisanalandire ufulu mu 1964, pakonapo nkhope ya Mfumukazi Elizabeth. Tsamba lina lili ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi, chozungulira bwinobwino, ndipo ine ndikaliona ndimangoona ngati ali pakhonde akumwa tiyi wawo uku akulemba. Agogo aja sanatengere kwa munthu, ankangolemba zimene maso awo aona tsiku limenelo, n'chifukwa chake ndimalikonda kuposa a pa foniwo.

Koma poti ukufuna mapepala ooneka akale, tiye ndikuuze, ndi zosavuta ndipo sizifuna ndalama. Pempha mayi ako akuwiritsire tiyi wa masamba, wakuda bii, opanda shuga opanda mkaka (ukaika shuga nyerere zibwera kudzadya kope lako). Za moto ndi madzi otentha usakhudze wekha, wamva? Tiyi akazizira umuthire mu thireyi kapena mbale yaikulu, utenge pepala ulikwinye pang'ono m'manja kenako uliwongole n'kuliviika kwa mphindi 5, ukafuna lofiirira kwambiri lisiye mpaka 10. M'masamba a tiyi muli zinthu zopaka mtundu, zomwe zija zimadetsa kapu mkati ikakhala osatsukidwa bwino, ndiye zimalowa m'pepala makamaka m'mizere yokwinyika ija n'kuoneka ngati lakhala zaka. Ulitulutse ndi manja awiri chifukwa likanyowa silichedwa kung'ambika, uliyanike pamthunzi posalala, likauma ulipanikize pansi pa mabuku olemera usiku onse.

Chinthu chimodzi chokha usaiwale, yamba kuviika, kulemba pambuyo. Ine ulendo oyamba ndinalemba kaye tsamba lonse ndi cholembera cha inki, nkhani ya tsiku limene unabadwa iwe, ndiye nditaviika zilembo zonse zinasungunuka n'kusanduka mtambo wa buluu, zinandiwawa kwambiri moti ndinakhala sabata osagwira kope. Pensulo ndi bolopeni sizisungunuka choncho, komabe ndi bwino kulemba pepala litauma gwa.

Chikuto panga cha katoni, ukute ndi kansalu ka chitenje chotha cha mayi ako, olo chozilala, chozilalacho ndiye chabwino. Mapepala uwapinde pakati, mayi aboole timabowo titatu ndi singano yaikulu n'kusoka ndi ulusi okhuthala. Guluu akasowa usadandaule, phala la ufa wa chinangwa lopyapyala limamata bwino, ife tinkamatira limenelo tili ana, bola upake pang'ono ndipo uumitse bwino kuti kope lisachite nkhungu.

Zomata zili pakhomo pompo. Tikiti ya basi, risiti ya kugolosale, kapepala ka switi amene unapatsidwa pa bethide, nthenga ya nkhanga, tsamba la mango laling'ono. Maluwa a bougainvillea a pampanda paja ndi opyapyala ngati pepala, ukawaika pakati pa nyuzipepala n'kupanikiza masabata awiri amauma osataya mtundu kwambiri. Maluwa onenepa amadzi ambiri asiye, amaola. Ndipo chilichonse ukamata ulembe pansi pake deti ndi kumene wachitola, ngati mmene ankachitira agogo ndi mvula yawo ija.

Wafunsa kuti sitayilo yako ndi iti eti? Imeneyo sindingakusankhire ine, ngakhale mayi ako. Chita chonchi, sabata ino tsiku lina ulembe mawu okhaokha, tsiku lina ujambule, lina umate zinthu n'kulemba mzere umodzi basi. Ikamatha sabata uone tsamba limene ukumabwerera kukaliyang'ana kawirikawiri, ndi limene unalipanga mpaka kuiwala kuti nsima yapsa, mudzi wako uli pamenepo. Ine ndimalemba zambiri ndipo sindijambula, msuweni wako wamkulu amajambula nkhuku ndi njinga tsamba lonse mawu awiri okha, onse ndi makope abwino. Ukalakwitsa chilembo usang'ambe tsamba, dula kamzere kamodzi upitirize, agogo nawo anadula malo ambiri. Lemba m'Chichewa, olo usakanize ndi Chingelezi cha kusukulu, mmene umalankhulira ndi anzako momwemo. Ndipo ngati muli zina zoti sukufuna aliyense awerenge, ndi zako, ndauza mayi ako kuti asamatsegule osakupempha.

Pa Khirisimasi ndikubwera, ndikutengera masitampa akale a Malawi a mbalame ndi agulugufe amene ndakhala ndikusunga m'kachitini, komanso kope la agogo uligwire ndi manja ako, bola usambe kaye m'manja. Ukamaliza tsamba loyamba uwauze mayi ajambule anditumizire, ndikudikira. Upereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine azakhali ako okukonda.