Kalata kwa mwana wanga amene akuyamba kulowa mu wodi

Mangochi

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe ku Blantyre kumeneko. Ndamva kuti chaka chino mukuyamba kulowa m'mawodi a ku Queens, kenako mudzabwera kuno ku maphunziro a zaumoyo wa m'midzi. Za m'kalasi sindikuda nazo nkhawa. Koma ku wodi wophunzira amagwa ndi tinthu ting'onoting'ono tamanja, ndiye tamvera.

Usanagwire jakisoni wa wodwala aliyense, baitsa katemera wa matenda a chiwindi, hepatitis B. Amabaya katatu: tsiku loyamba, pakatha mwezi umodzi, ndi pa mwezi wa 6. Ambiri amaiwala wachitatuyo. Ukamaliza kubaya munthu, usabwezere chivindikiro pa singano, pajatu ndi pomwe zala zimalasidwa kwambiri. Iponye m'bokosi la singano nthawi yomweyo, ndipo bokosi likadzaza magawo atatu mwa anayi litsekedwe, osakanikizira ndi dzanja. Singano ikakulasa, tsuka ndi sopo pa madzi oyenda. Usafinye bala, usayamwe, usathirepo jiki. Uza mkulu wa wodi pompo kuti uyezedwe ndi kuyamba PEP, mankhwala oteteza kuti usatenge kachilombo ka HIV. Mankhwalawa sayenera kupitirira maola 72 usanayambe, makamaka uyambe tsiku lomwelo, ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa. Manyazi asakubisitse nkhani yotereyi.

Pa za mlingo wa mankhwala m'pamene ndikufuna kukhalitsa. Mwana samuyeza ndi maso, amamuika pa sikelo. Panado wa ana ndi 15 mg pa kilogalamu iliyonse. Mwana wa makilogalamu 10 afunika 150 mg, ndipo ngati botolo lalembedwa 120 mg mu 5 ml, ugawe 150 ndi 120, uchulukitse ndi 5, upeza 6.25 ml. Werenga botolo nthawi zonse, chifukwa ena amabwera ndi mphamvu yosiyana. Pa malungo aakulu, artesunate ndi 3 mg pa kilogalamu kwa mwana wosakwana makilogalamu 20, ndi 2.4 mg kwa amene wafika 20 kapena kuposa, ndipo amabaya poyamba, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24. Mwana wa malungo akakomoka kapena akamagwidwa khunyu, muyeze shuga mwachangu, kawirikawiri amakhala watsika. Zolakwika zambiri zimachokera pa kadontho ka pakati pa manambala: 1.0 yolembedwa mothamanga wina amaiwerenga 10. Lemba 1 basi, ndipo theka ulembe 0.5, ziro patsogolo. Ukawerengera, namwino aonenso. Ngati sunamvetse, funsa, ngakhale akuseke.

Anamwinowo uziwalemekeza. Chiphatikizireni College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) mu 2021, ophunzira unamwino, za mankhwala ndi za mu labu ndi anzako a sukulu imodzi. Kupeza mtsempha wa khanda lofooka udzakuphunzira kwa iwowo, osati m'buku.

Logbook yako, buku lolembamo ntchito zomwe wagwira mu wodi, isainidwe tsiku lomwe wagwira ntchitoyo. Ukadikira kumapeto, amene anakuyang'anira amakhala atasamukira kwina kapena sakukukumbukiranso. Siginecha yabodza usayese n'komwe, imeneyo imachotsetsa munthu sukulu.

Ukadzafika kuno udzapeza kuti odwala ambiri, makamaka amayi achikulire ochokera ku Makanjira, Namwera ndi Lungwena, amamasuka m'Chiyao. Phunzira moni ndi mawu a ziwalo za thupi. Ukafuna womasulira, pa nkhani za uchembere kapena matenda opatsirana pogonana usatenge mwana wa wodwalayo kapena apongozi ake, sadzakuuza zoona. M'mwezi wa Ramadan funsa ngati munthu akusala usanamuuze kuti amwe mankhwala katatu pa tsiku, apo ayi adzangovomera kenako n'kumwa mmene akudziwira. Mankhwala a malungo a LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, atadya, ndipo umuuze kuti amalize onse ngakhale thupi litazizira pa tsiku lachiwiri. Mwana wa m'mbali mwa nyanja akamakodza magazi, ganizira likodzo, ndipo praziquantel ndi 40 mg pa kilogalamu. Iwenso usamasambe paliponse m'nyanjamo, makamaka m'mabango momwe mumakhala nkhono. Kolera wa 2022 ndi 2023 anasautsa kwambiri boma lino, choncho kusungunula thanzi ORS ukudziwe bwino: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo akatha maola 24 otsalawo atayidwe. Alangizi a zaumoyo ndi amene amadziwa mudzi uliwonse, uziyenda nawo, ndipo muyambire kwa amfumu.

Chinsinsi cha wodwala chisatuluke mu wodi. Chithunzi cha bala kapena buku la kuchipatala la munthu chisapite pa WhatsApp kapena Facebook. Kuno anthu amadziwana, ndipo achibale adzakufunsa za odwala anzawo. Ngakhale ine ndikakufunsa, undikanize. Ukadzamaliza, Medical Council of Malawi ndi imene idzakulembetse, ndipo khalidwe amaliyang'ananso.

Mafomu a ngongole ya ophunzira uwatumize nthawi isanathe, ndipo malisiti a fizi uwasunge pamodzi. Gula wotchi yokhala ndi muvi wa masekondi yowerengera kugunda kwa mtima ndi kapumidwe, katochi kakang'ono, ndi nsapato zotseka zala zosaterera. Undiuze mtengo wake, ndikutumizira ndalama mwezi ukatha pamodzi ndi usipa wouma uja unapempha. Abambo ako akupereka moni.

Ndine,
Mayi ako