Banja la Fleury ndi shampeni wolimidwa popanda mankhwala

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe kudzera m'nyuzipepala yanu mawu amene ndinamva pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga mwezi watha, chifukwa pamalopo sikukanakhala ulemu kutsutsana ndi munthu wamkulu pamaso pa alendo. Pamene akwati ankatsegula botolo limene tonse timangolitcha shampeni, bambo wina amene ndinakhala naye tebulo limodzi ananena kuti chakumwacho ndi vinyo wamba wopoperedwa mpweya ngati zakumwa zoziziritsa kukhosi. Nkhani itafika pa mawu akuti organic amene amalembedwa pa mabotolo ena, kutanthauza kuti mphesa zake zinalimidwa popanda feteleza ndi mankhwala amakono, bamboyo anawonjezera kuti umenewo ndi ulimi wa munthu amene walephera kugula feteleza koma akufuna kukweza mtengo wa katundu wake. Ine ndagwira ntchito yoperekera vinyo m'mahotela kwa zaka zambiri, kuno kwathu komanso ku Cape Town, ndipo mawu achiwiriwo ndi amene andisowetsa mtendere.

Pa botolo la tsiku limenelo bamboyo sananame, popeza munali madzi a mphesa opanda mowa amene anapoperedwadi mpweya ku fakitale. Koma dzina lakuti Champagne, limene ife tinalisandutsa shampeni, malamulo amalipereka kwa vinyo wa dera limodzi lokha la kumpoto chakum'mawa kwa France, kumene kuli minda ya mpesa pafupifupi mahekitala 34,000. N'chifukwa chake a ku South Africa, amene amapanga vinyo wathovu m'njira yomweyo, anayamba kumutcha Cap Classique kuyambira mu 1992.

M'dera la Champagne, chakummwera kwake, m'mbali mwa mtsinje wa Seine, muli mudzi waung'ono wotchedwa Courteron, ndipo m'mudzimo muli banja la Fleury, limene minda yake ndi mahekitala pafupifupi 15 okha, yambiri mwa iyo ya mphesa zakuda za mtundu wa Pinot Noir. Anayambitsa ntchitoyi ndi Émile Fleury mu 1895, nthawi imene kachilombo kotchedwa phylloxera kankadya mizu ya mpesa m'dziko lonse la France, ndipo iye anali m'gulu la oyamba m'chigawocho kubzala mpesa womezanitsa pa mizu ya ku America imene kachilomboko sikaipha. Alimi a chigawo cha Aube, kumene kuli Courteron, ankaonedwa ngati ana opeza: boma litalemba malire a Champagne mu 1908 linawasiya kunja, iwo anachita zionetsero zazikulu mu 1911, ndipo anavomerezedwa mokwanira mu 1927. Patangopita zaka ziwiri, mu 1929, chuma cha dziko lapansi chitagwa ndipo makampani akuluakulu akugula mphesa pamtengo wolira, Robert Fleury, mwana wa Émile, anaganiza zoleka kudalira ogula mphesa, nayamba kupanga shampeni wake ndi kumugulitsa m'dzina la banja. Mlimi aliyense amene anadikirirapo wogula kuti amuuze mtengo wa mbewu yake yomwe akumvetsa chimene chinamukankha munthu ameneyu.

Amene anasintha kalimidwe ndi mdzukulu wa Émile, Jean-Pierre Fleury. M'zaka za m'ma 1970, pamene anzake ankasangalala ndi mankhwala ophera udzu amene anawapumitsa ku khasu, iye anabwerera ku kupalira ndi kuthira manyowa. Tisaiwale kuti nthawi imeneyo minda yambiri ya Champagne inkathiridwa zinyalala zogayidwa zochokera m'mizinda, makamaka Paris, mpaka mchitidwewo unaletsedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo tizidutswa ta mapulasitiki a buluu tikuonekabe m'nthaka ya minda ina. Mu 1989 Jean-Pierre anayesa ulimi wotchedwa biodynamie, umene ndi mtundu wa ulimi wa organic wokhala ndi miyambo yakeyake, pa mahekitala ochepa, ndipo pofika mu 1992 anali atautengera m'minda yake yonse, kukhala woyamba kutero m'dera lonse la Champagne. Lero ntchito ili m'manja mwa ana ake: Jean-Sébastien ndi Benoît ali kumudzi, pamene Morgane anakatsegula malo ogulitsira vinyo mumzinda wa Paris.

Jean-Pierre sanali wosauka wolephera kugula feteleza, ndipo njira imene anasankha ndi yodula kuposa ya anzake. Champagne ndi dera lozizira komanso lamvula, kumene matenda a chuku otchedwa mildiou amagwira masamba ndi mphesa nthawi iliyonse imene chinyezi chachuluka. Mlimi wamba amapopera mankhwala olowa mkati mwa mpesa, amene amauteteza kwa masiku ambiri ngakhale mvula igwe. Mlimi wa organic amaloledwa kugwiritsa ntchito kopa ndi sulufule, zimene zimangokhala pamwamba pa tsamba, moti mvula yamphamvu ikagwa zimasukuluka ndipo ayenera kulowanso m'munda nthaka idakali yonyowa. Sangathirenso mmene angafunire, chifukwa kopa amaunjikana m'nthaka n'kupha nyongolotsi, ndipo kuyambira mu 2019 malamulo a ku Ulaya amalola makilogalamu 28 okha pa hekitala m'zaka zisanu ndi ziwiri. M'zaka zoipa monga 2021, pamene chisanu chinawotcha mphukira mu Epulo kenako mvula n'kubweretsa chuku, alimi oterewa ndi amene anataya zokolola zambiri. Udzu umene mnzake amaupha tsiku limodzi iye amaupalira kangapo pachaka. Ndipo munda ukaleka mankhwala, pamadutsa zaka zitatu oyendera minda akubwera kudzaona mabuku ndi nthaka, mwini wake asanaloledwe kulemba mawu aja pa botolo.

Ndivomereze kuti pali mbali ina ya biodynamie imene ine ndimaikayikira. Otsatira chiphunzitso chimenechi, chimene chinachokera kwa Rudolf Steiner, mphunzitsi wina wa ku Austria, mu 1924, amaika ndowe m'nyanga ya ng'ombe n'kuikwirira nyengo yonse yozizira, kenako amasungunula pang'ono chabe m'madzi ambiri n'kuwaza m'munda, komanso amayang'ana mwezi ndi nyenyezi posankha tsiku la ntchito. Zimenezi zikanachitika kumudzi kwathu anthu akanati mwini munda wapita kwa sing'anga. Chimene ndimachilemekeza ndi manyowa, kupalira, udzu wosiyidwa pakati pa mizere kuti nthaka isakokoloke, ndi maso a mlimi amene amayendera mpesa wake tsiku ndi tsiku chifukwa alibe mankhwala omukonzera zimene wachedwa kuziona.

Tsono za thovu lija, limene bamboyo ankati n'lopopera. Mphesa zimathyoledwa ndi manja, monga lamulo la dera lonse likunenera, chifukwa ziyenera kufika mofinyira zisanaphwanyike. Pinot Noir ndi wakuda kunja koma madzi ake ndi oyera, choncho amafinyidwa pang'onopang'ono kuti khungu lisadetse madziwo, ndipo pa makilogalamu 4,000 a mphesa lamulo limalola malita 2,550 okha. Madziwo amawira koyamba m'mathanki kapena m'migolo ya matabwa n'kusanduka vinyo wopanda thovu, wowawasa kwambiri moti sungamupatse mlendo. Apa ndi pamene pamaonekera luso la banja, popeza amalawa vinyo wa munda uliwonse payekhapayekha ndi kusakaniza, nthawi zambiri pamodzi ndi vinyo amene anasungidwa zaka zam'mbuyo, kuti chaka chovuta chitsamire pa chaka chabwino.

Akatero amathira vinyoyo m'mabotolo, n'kuwonjezamo yisiti ndi shuga wokwana pafupifupi magalamu 24 pa lita, kenako n'kutseka. Yisiti amadya shugayo, vinyo amawiranso kachiwiri mkati mwa botolo, ndipo mpweya umene umatuluka, posowa kothawira, umalowerera m'vinyomo. Mphamvu yake imaposa kawiri kapena katatu ya mpweya wa m'tayala la galimoto, n'chifukwa chake botolo la shampeni ndi lolemera ndipo chitsekerero chake chimamangidwa ndi waya. Yisiti akamaliza ntchito amafa n'kukhala nsenga, ndipo vinyo amagonekedwa pa nsengazo m'zipinda zozizira za pansi pa nthaka. Lamulo limati shampeni asagulitsidwe asanathe miyezi 15 m'botolo, ndipo ngati ndi wa chaka chimodzi chokha asanathe zaka zitatu. Mabanja osamala amadikira kuposa pamenepo, chifukwa fungo lija longa la buledi wongophikidwa kumene limachokera m'kudikirako. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kwa banja laling'ono kudekha kumeneku ndi ndalama, popeza antchito amalipidwa chaka chino pa vinyo amene adzagulitsidwe patapita zaka zingapo.

Kuchotsa nsenga popanda kutaya thovu ndi ntchito ina payokha. Mabotolo amaikidwa chozondoka pang'ono n'kumatembenuzidwa tsiku ndi tsiku kuti nsenga zitsetserekere kukhosi, njira imene inayambira ku kampani ya Veuve Clicquot cha m'ma 1816. Pamanja imatenga masabata angapo, pamene makina amasiku ano amamaliza m'sabata imodzi. Kenako khosi la botolo limaviikidwa m'madzi ozizira kwambiri kuti nsenga ziundane, chitsekerero chimachotsedwa, ndipo mpweya umakankhira kunja kachibulumwa ka nsengako. Mpata wotsalawo umadzazidwa ndi vinyo, nthawi zina wothiramo shuga pang'ono. Mawu akuti brut, amene amalembedwa pa botolo, amatanthauza kuti shuga safika magalamu 12 pa lita, ndipo brut nature ndi amene sanawonjezeredwe shuga n'komwe. Amene mphesa zake sizinapse bwino amabisa kuwawasa ndi shuga. Amene amathira wochepa ndiye kuti akukhulupirira zimene zinachokera m'munda mwake.

Sindikulemba kuti ndikope anthu kumwa, ndipo ndikudziwa kuti mtengo wa botolo limodzi lotere ungadyetse banja kwa masiku ambiri. Ndikulemba chifukwa bambo uja ndi mlimi, ali ndi khola la ng'ombe, ndipo ndowe zake zimangokokoloka ndi mvula kuseri kwa khola pamene iye akudandaula mtengo wa feteleza chaka ndi chaka. Ku Courteron manyowa ngati amenewo amaunjikidwa, amatembenuzidwa mpaka atapsa, ndipo ndiwo akhala akudyetsa mpesa wa banja la Fleury kwa zaka zoposa makumi atatu. Ndawatumizira uthenga bambowo kuti ndidzawachezera mvula isanayambe, ndipo ndawapempha kuti tsiku limenelo tidzayambire kukhola tisanalowe m'nyumba.

Ine wowerenga wanu,
Woperekera vinyo wopuma pantchito,
Lilongwe