Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Zaumoyo m'boma la Mulanje

Olemekezeka,

Ndikukulemberani ngati mmodzi wa anthu osamalira odwala m'makomo m'dera la Limbuli, kupempha kuti ofesi yanu itsegule kaundula wa anthu amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo akulu, ndipo iziwatsatira kwa zaka 5 monga momwe mumatsatirira anthu amene ali pa ma ARV.

Khansa imeneyi ikapezeka msanga, opaleshoni imachiza ndithu. M'mayiko amene amalemba bwino za odwala awo, anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse amene chotupa chinapezeka chisanafalikire kunja kwa thumbo amakhala ali moyo pakatha zaka 5. Koma wodwala amene wafika usiku thumbo litatsekeka kapena litabooka sakhala ndi mwayi wofanana ndi amene anakonzekeretsedwa, n'chifukwa chake munthu wamkulu amene akubwerabwera ndi magazi m'chimbudzi, uku akuwonda, asamangopatsidwa mankhwala a kamwazi, koma atumizidwe ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akamuunike m'matumbo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi pepala la ku labotale. Chidutswa cha thumbo chimene adula chimapimidwa kuti aone ngati chotupa chinalowa mozama bwanji, ngati m'mphepete mmene anadula mulibe khansa yotsalira, komanso ngati anabere ozungulira malowo, amene akatswiri amati apimidwe osachepera 12, sanakhudzidwe. Pepala limeneli ndi limene limanena ngati opaleshoni yokha yakwanira kapena pakufunika mankhwala opha khansa otchedwa kemo, amene amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe masabata 8. Zotsatirazi zimatuluka wodwala atabwerera kale ku Muloza kapena ku Nkando, bala litapola, achibale atayamika Mulungu, ndipo palibe amene amaona chifukwa chowonongeranso ndalama ya minibasi munthu akudya nsima bwinobwino. Pakhale munthu mmodzi mu ofesi yanu amene ntchito yake ndi kulondola pepalalo, kulilemba m'buku la kuchipatala la wodwala, ndi kuuza mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake tsiku limene akuyenera kubwerera.

Khansayi ikamabwerera, nthawi zambiri imatero m'zaka 3 zoyambirira, ndipo imakonda chiwindi ndi mapapo, kumene imakula mwakachetechete. Ikagwidwa idakali yaing'ono, ena amachitidwanso opaleshoni n'kuchira. Mwambo wake ndi wakuti magazi azipimidwa chizindikiro cha khansayi chotchedwa CEA miyezi 3 mpaka 6 iliyonse, ndipo pakatha chaka chimodzi m'matumbo muunikidwenso ndi kachipangizo ka kamera. Kuunikako n'kwa ku Blantyre, palibe kuchitira mwina, koma magazi angatengedwe konkuno n'kuyenda pa njinga zamoto zomwe zija zimanyamula magazi oyeza kuchuluka kwa HIV m'thupi.

Zina n'za wodwala mwini: kusiya fodya ndi kachasu, kusamala matenda a shuga, ndi kudya mokwanira. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2025 anaonetsa kuti odwala khansa ya m'matumbo amene anathandizidwa kuchita masewera olimbitsa thupi atamaliza kemo anakhala moyo nthawi yaitali kuposa amene anangopatsidwa uphungu wolembedwa. Wina anganene kuti munthu wothyola tiyi m'mapiri muno safunika kuuzidwa zoyenda, koma amene ali ndi chipsera pamimba timamugoneka pamphasa miyezi yambiri poganiza kuti tikumuchitira chifundo.

Pomaliza, amene thumbo lawo analitulutsira pamimba akufunika matumba oyenera olandirira chimbudzi. Ndinaonapo bambo wina atamata jumbo ya shuga ndi pulasitala, khungu lozungulira litasupuka, ndipo chifukwa cha fungo anasiya kukwera minibasi, kutanthauza kuti anasiyanso kupita kukaonana ndi dokotala. Ndikupempha kuti matumba amenewa aikidwe pa mndandanda wa katundu amene boma lino limaitanitsa, ndipo aziperekedwa kwa aliyense amene dzina lake lili m'kaundula amene ndapemphayu.

Ine wanu,
Wosamalira odwala m'makomo, Limbuli, Mulanje