Za Mnyamata Wathu ndi Mpira Wake

Wokondedwa achimwene,

Kuno tonse tili bwino, kaya inu ku Joniko. Ndamva zoti madokotala apeza kuti mnyamata wathu ali ndi autism, vuto lija lokhudza momwe munthu amalankhulira ndi kuchezera ndi anzake, komanso kuti amaweruka kusukulu n'kumangoponya mpira wa basketball mpaka dzuwa kulowa. Mwafunsa ngati n'kwanzeru kumulowetsa m'timu. Ine ndikuti mulowetseni.

Anthu akuuzani za Jason McElwain, ngati sanayambe kale. Uyu, amenenso ali ndi autism, anali pasukulu ya Greece Athena, pafupi ndi Rochester ku America. Malo osewera m'timu sanawapeze, ndiye anamupatsa ntchito yonyamula madzi ndi matawulo. Pa 15 February 2006, kochi Jim Johnson anamuveka yunifomu n'kumulowetsa kutatsala mphindi 4 zokha. Mpira woyamba sunakhudze ngakhale chingwinjiri. Wachiwiri anaphonyanso. Atatero anayamba kumwetsa: zigoli 6 zoponyera patali za mapointi atatu ndi chimodzi cha mapointi awiri, onse pamodzi mapointi 20. Ochemerera anakhamukira m'bwalo n'kumunyamula pamapewa.

Nkhaniyi imandikhudza, koma momwe anthu amaifotokozera zimandinyansa. Amaikamba ngati chozizwitsa. Dzanja lotere silibadwa usiku umodzi, achimwene. Mwanayo ankabwera kokonzekera masewero tsiku ndi tsiku, akuponya nawo, anzake akumudziwa bwino. Funso langa n'lakuti, bwanji kochiyo anadikira mpaka masewero omaliza apakhomo, timu yake itatsogola kale kwambiri, kuti amupatse mpata? Wathuyu musalole kuti akamusunge pabenchi kudikira tsiku lomuwombera m'manja.

Winanso ndi Tony Snell, amene timu ya Chicago Bulls inamutenga mu 2013 ndipo anasewera zaka 9 mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America. Iye anadziwa kuti ali ndi autism ali ndi zaka 31, mwana wake atapezeka nayo. Poulula mu 2023 ananena kuti akanadziwika ali wamng'ono mwina sakanafika mu NBA, chifukwa anthu akanamuikira malire. Mawu amenewa musawaiwale pokambirana ndi aphunzitsi.

Tsono kaonaneni ndi kochi nokha, mwanayo asanapite. Muwauze zenizeni. Ngati wenzulo ndi phokoso la anthu zimamuwawa m'makutu, apeze kona yokapumirako osafunsidwa mafunso. Malangizo akhale afupi, ndipo kumuonetsa ndi manja kumaposa kulongosola. Pulogalamu ikasintha, amuuziretu. Akapanda kuwayang'ana m'maso asamuyese wamwano. Izi ndiye ngakhale agogo ake kumudzi kuno tifunika kuwafotokozera musanabwere naye, mukuwadziwa mmene alili pa nkhani ya ulemu. Kochi akaoneka kuti akumuchitira chifundo chokha, funani timu ina.

Mundiuze saizi ya nsapato yomwe akuvala pano. Moni kwa alamu anga.

Ndine mnzanu wa kale lija.