Lipoti la Msonkhano wa za Chikande kwa Komiti Yosamalira Zachilengedwe ya M'mudzi

A Gulupu, a Tcheyamani, amayi ndi abambo a komiti, munandituma kuti ndikakuimireni pa msonkhano wokambirana za kuchepa kwa chikande, chomwe anzathu a kumpoto amati chinaka ndipo a ku Zambia amati chikanda. Ndabwerako ndi mfundo imodzi yaikulu, yakuti chikande cha m'dambo lathu sichingabwezeretsedwe ndi nazale monga tichitira ndi mitengo, choncho tichiteteze pomwe chamera.

Katswiri wa zomera anatifotokozera kuti chikande si chomera chimodzi, koma mitundu yambiri ya maluwa a m'gulu la orchid omera pansi, makamaka Disa, Satyrium ndi Habenaria. Anazula Satyrium mmodzi wa mumphika natipatsa kuti tigwire. Kunsi kwake kunali timbatata tiwiri, kena kofota ndi kakuda, kena kolimba ndi kodzadza. Kofotako ndi kamene kadyetsa chomeracho chaka chino ndipo ntchito yake yatha, pomwe kolimbako ndi nkhokwe imene chomeracho chidzaphukire mvula ikadzagwa. Wokumba amatenga kolimbako, chifukwa ndi komwe kamagwira bwino akakasinja ndi kukaphika ndi nsinjiro ndi chidulo. Kunena kwina, kambatata kalikonse kolowa mu dengu ndi chomera cha chaka chamawa chimene chaphedwa.

Chikatero, chiyembekezo chimatsalira pa njere, ndipo apa ndi pamene nkhani inandikhudza kwambiri. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya chosungira mkati monga nyemba kapena chimanga, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi tiulusi ta mtundu wa bowa ta m'nthaka, timene timazidyetsa mpaka zitatulutsa masamba. Ichi ndi chifukwa chake kufesa njerezi pa bedi sikuphula kanthu, ndiponso dambo likangotembenuzidwa kukhala dimba, chikande sichibwereranso msanga ngakhale dimbalo litasiyidwa.

Za malonda katswiriyo anatiuza mwachidule. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2003 anapeza kuti timbatata toposa 2 miliyoni tinkachoka kum'mwera kwa Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse, ndipo mu 2005 dziko la Tanzania linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo makamaka pofuna kusunga maluwa amenewa. Kwathu kuno, ku Nyika kuli mitundu ya orchid yoposa 200, ndipo okumba amalowa ndithu ngakhale malowo ndi otetezedwa. Maluwa onsewa ali pa mndandanda wa pangano la CITES, lomwe mayiko anagwirizana poyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire, kotero kuwaolotsa malire popanda chilolezo ndi mlandu.

Nthumwi zina zinafuna kuti kukumba kuletsedwe kotheratu. Ine ndinakana m'dzina lanu, chifukwa ambiri mwa okumba kwathu ndi amayi amasiye ndi ana omwe ndalama ya sopo ndi makope amaipeza m'menemo, ndipo lamulo lowalanda ndiwo lidzangowachititsa kukumba usiku. Chimene ndinavomereza, ndipo ndikupempha kuti komiti ichikambirane pa msonkhano wathu wotsatira, ndi chakuti pasakhale wokumba maluwa akadali pa mtengo m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi, koma tidikire mpaka timakoko ta njere tauma ndi kusweka. Ndikupemphanso kuti dambo tiligawe zigawo, china chizipumula zaka zingapo pamene china chikukumbidwa, ndipo chigawo cha kumutu kwa kasupe chisalimidwe kapena kutenthedwa njere zisanamwazike.

A Gulupu, izi zidzatheka ngati mawu atuluka pakamwa panu ndipo okumbawo akhala nawo pogawa dambolo, popeza malo amene chikande chatsalira akuwadziwa ndi iwowo kuposa ife a komiti. Ndapempha mlangizi wa za nkhalango kuti adzayende nafe m'dambomo maluwa akadzamasula, kuti tijambule zithunzi zotumiza ku National Herbarium, malo osungirako ndi kufufuzirako zomera ku Zomba, ndi kudziwa mitundu imene tili nayo.