Kalembera wa ngozi asamasiye anthu a lendi

Mkonzi,

Kafukufuku amene boma limachita pofuna kudziwa zowonongeka pakagwa ngozi sangatithandize ngati akuwerenga nyumba zokha n'kusiya anthu ogonamo.

Madzi atasefukira ku Budiriro, dera la mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, mu Disembala 2023, mchemwali wanga, amene amachita lendi chipinda chimodzi ndi ana ake, anataya ufa, mabulangete ndi mayunifolomu, ndipo makina ake osokera, amene ndiwo amadyetsa banjalo, anadzaza matope mpaka kuchita dzimbiri. Olemba atafika anafunsa mwini nyumba, nalemba khoma logwa, koma mabanja a lendi okhala pabwalo lomwelo sanalowe m'kaundula. Chinanso n'chakuti ambiri mwa ife, adzukulu a anthu amene anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, tilibe zitupa, ndipo munthu wopanda chitupa amachita mantha kuonekera pamaso pa wonyamula fomu ya boma.

Nkhaniyi ikundiwawa chifukwa ziwerengerozi ndizo zimagawa thandizo. Namondwe wa Idai atasakaza Chimanimani ndi Chipinge, kum'mawa kwa Zimbabwe, mu Malichi 2019, komanso wa Freddy atawononga kum'mwera kwa Malawi mu 2023, maboma ndi mabungwe anadalira malipoti otere pokonza ntchito yomanganso.

Ndikupempha kuti olemba aziwerenga banja lililonse lophika palokha, azilembanso zida zopezera ndalama, ndipo wopanda chitupa azimuikira umboni atsogoleri a mpingo kapena a bungwe lake la maliro. Mndandanda wa mayina uzipachikidwa pasukulu yapafupi lipoti lisanatsekedwe, kuti wosiyidwa akadandaule nthawi ikadalipo.

Wowerenga wanu,
Mufakose, Harare